Za Munthu Wopala Dzimbiri

Pali mlandu umene sunafike kubwalo la mfumu, ndipo sudzafikako, koma wandivuta mtima miyezi yambiri. Pafupi ndi sukulu imene ndiphunzitsa, kuno kuchigwa cha Shire, akhala mkulu wina wa mpingo wathu, amene anagwira nchito ya umakaniko kuminda ya nzimbe ku Nchalo kufikira anamera imvi. Atapuma nchito anagula Land Rover yakufa, naikoka ndi ng'ombe kufikira pakhomo pache, naikhazika pa njerwa patsinde pa mango, popeza matayala anali atatha kale. Chino nchaka chachitatu. M'mawa alima, dzuwa likapendeka alowa kunsi kwa galimotoyo ndi bulashi ya waya, napala dzimbiri kufikira mdima. Anthu a pamudzi amseka, ati mkuluyo alera mtembo. Kodi aseka zoona?

Tiyambe taona mdani amene alimbana naye. Dzimbiri libadwa pamene chitsulo chikomana ndi madzi ndi mpweya, ndipo mchere ulifulumiza. Ife a kuno tidziwa kuti zitsime zambiri za ku Chikwawa zitulutsa madzi a mchere, ndiponso madzi osefukira, monga aja a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, asiya matope m'ming'alu yonse ya chitsulo. Land Rover yoyamba inapangidwa ku England mu 1948, nkhondo yachiwiri itangotha, chitsulo chili chosowa. Chifukwa chache thupi lache analipanga ndi aluminiyamu, uja wa mapoto athu, amene sachita dzimbiri lofiira. Koma msana wa pansi, umene usenza injini ndi mawilo, ndiwo wachitsulo. Motero galimoto yotere ioneka yolimba kunja pamene kunsi yadyeka: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuluyo anandionetsa malo pamene chala chinaboola chitsulo monga chiboola tsamba louma.

Mdani ameneyu si mlendo pa mtsinje wathu. Sitima ya Ma Robert, imene inakweza David Livingstone m'Shire mu 1859 kufikira kwa Chibisa, inali ya chitsulo chopyapyala. Dzimbiri linaiboola-boola, amalinyero natopa ndi kukapa madzi, kufikira inamira m'Zambezi mu December 1860.

Oseka aja ati nchito yopanda phindu ndiyo ulesi wobvala malaya. Ine sindibvomerezana nao. Munthu sali ng'ombe ya pagoli, kuti mphamvu yache yonse iyesedwe ndi matumba a thonje. Makolo athu Amang'anja anali osula zitsulo. Khasu likatha sanalitaya, koma analibwezera kumoto nalisandutsa mpeni kapena mubvi. Ife tsopano taphunzira kutaya, ndipo tiyesa kutayako chitukuko. Ndaona anyamata a m'kalasi langa, amene sakhoza kukhala chete pa phunziro la masamu, atakhala maora awiri pambali pa mkuluyo, akumpatsira sipanala, naphunzira kuti nati yogwidwa ndi dzimbiri saikakamiza, koma aithira mafuta naidikira mpaka mawa. Kudekha kumeneko ine ndalephera kukuphunzitsa ndi choko. Ndiponso amuna anzache a msinkhu umenewo, amene amseka, ambiri atha madzulo ao pa kachasu. Pa ichi ndiima ndi wopala dzimbiri.

Koma nkhani siithera pamenepo, pakuti pakhomopo pali mai. Tsiku lina ndinawapeza alikupeta mapira, ndipo anati, “Aphunzitsi, mbuzi ziwiri zalowa m'chitsulo chija, ndipo denga la nyumba lidontha. Mwana wathu wamkazi anabwezedwa kusukulu sabata yathunthu chifukwa cha fizi. Ndikafunsa, abambo ati ndidekhe, galimotoyo idzanyamula odwala kunka nao kuchipatala, ndi thonje kunka nalo kumsika, ndipo ndalama zonse zidzabwera.” Sanakweze mau, anapitiriza kupeta.

Apa ndipo pali chilema, ndipo sichili pamene oseka aloza. Mkuluyo ndi makaniko. Adziwa koposa ife tonse kuti galimoto ya zaka zotere, yakumwa petulo wambiri, imene zipangizo zache ziyenera kufunidwa ku Blantyre, siidzabweza mbuzi zija. Sapala dzimbiri chifukwa cha odwala iai. Apala chifukwa manja ache anazolowera chitsulo zaka makumi atatu, ndipo mtima wache ukondwa poona chakufa chilikuwala. Chikondwerero chimenecho si tchimo. Koma pochita nacho manyazi wachibveka dzina la malonda ndi la chifundo, ndipo ndi dzina lobwerekalo atenga za m'khola osapempha. Akadati, “Mai, ichi ndichikonda, chilibe phindu, kodi tingapatuleko zingati osasautsa ana?” akadakhala wopempha, ndipo maiwo akadakhala ndi mphamvu yakubvomera kapena kukana. Koma ponena kuti ndi za odwala watseka pakamwa pao, pakuti ndani angatsutse kuthandiza odwala? Ndinena ichi ndi mantha, popeza inenso ndagula mabuku ndi ndalama ya ndiwo, ndi kuuza a kunyumba kuti ndi a nchito ya sukulu.

Ndinapita kukalankhula nao, monga mng'ono alankhula ndi mkulu wache, ndinakhala pa njerwa iwo ali chigonere kunsi kwa galimoto. Ndinati, “Bambo, kodi galimotoyi idzanyamuladi thonje?” Anakhala chete nthawi, bulashi niileka kulira. Pamenepo anati, “Aphunzitsi, ikadzangolira kamodzi, ndimve ndi makutu anga, kwatha.” Ndinati, “Mau amenewo mukawauze amai.” Sanandiyankhe.

Sabata yapitayi ndinaona mitolo ya udzu watsopano itatsamira pakhonde pao, ndipo mwana uja alikupita kusukulu. Ngati anakambirana, sanandiuze, ndipo sindinafunse. Galimoto ikali pa njerwa zache; msana wache wapakidwa utoto wofiira kufikira pakati, ndipo nkhuku yaikira mazira pampando wa woyendetsa.