Maluwa Otsogolera Mvula



Kuyambira pa 1 Seputembala kufikira pa 4 Okutobala, tsiku la Fransisko Woyera wa ku Assisi, Akhristu a mipingo yambiri amapempherera zolengedwa za Mulungu. Papa Fransisko ndiye anakhazikitsa mu Eklezia Katolika tsiku la pa 1 Seputembala m'chaka cha 2015. Kwathu kuno nyengo imeneyi imafika m'chilimwe, pamene madambo auma, fumbi lili koboo, ndipo tchire lasanduka lupsa. Komabe ndi m'masiku ouma omwewa m'mene maluwa oyamba amaonekera, chizimalupsa chisanagwe. Tiyeni tiwadziwe bwino maluwa amenewa, pakuti ali ndi phunziro kwa ife.

Yambani ndi mitengo ya miombo ya m'nkhalango ya Perekezi ndi m'mphepete mwa mapiri a Viphya. M'mwezi wa Seputembala mumaona phiri lonse litafiira, ndipo mlendo angayese kuti mitengo yachita maluwa. Amenewo ndi masamba anthete, ndipo kufiira kwake kumawatchinjiriza ku dzuwa mpaka atakhwima ndi kubiriwira. Muwale mudzauzindikira ndi khungwa lake lochindikala, laminga, ndi maluwa ofiira amene amatuluka mtengowo uli wopanda tsamba. Mvunguti umalendewetsa maluwa ofiirira pa zingwe zazitali. Amatseguka usiku, ndipo mileme ndiyo imanyamula mungu wake, kotero kuti m'mawa mumangowapeza ali mbwee pansi. Pa mamishoni ndi m'matauni pali mitengo yachilendo imene inabzalidwa ndi anthu: jacaranda wa ku South America, amene amavala maluwa obiriwira mofiirira m'Seputembala ndi m'Okutobala, ndi flamboyant wa ku Madagascar, amene amafiira ngati makala amoto mvula ikayandikira.

Tsono funsani: kodi mitengo imeneyi imamwa kuti, popeza kumwamba sikunagwe kadontho kwa miyezi inayi kapena isanu? Yankho lili pansi. Mizu yake imalowa kutali kumene kuli chinyontho, ndipo imasunga chakudya chimene mtengowo unapanga dzinja lapitalo. Chimodzimodzi timaluwa tating'ono timene timaphuka pa lupsa: pamwamba moto unapsereza zonse, koma pansi panatsala muzu waukulu wamoyo. Mkhristu nayenso amatero. Chilala chikafika pa banja, kaya ndi matenda, kaya ndi maliro, kaya ndi bambo amene anapita ku Joni ndipo sakutumiza mau, munthu amakhala ndi moyo ndi zimene anasunga kale mumtima: pemphero la m'mawa ndi la madzulo, Misa ya pa Mulungu, Masakramenti, ndi chizolowezi chokhululukira anzake. Amene amayamba kufuna Mulungu tsoka litamugwera kale Mulungu samukana ayi, koma amavutika kwambiri, monga mbeu yobzalidwa pa thanthwe. Zikani mizu tsopano pamene muli pa mtendere.

Phunziro lachiwiri ndi la kusiyanitsa. Mvula yoyamba ikagwa, pansi pa mitengo pamatuluka duwa lofiira, lobulungira ngati mpira, pa phesi limodzi, masamba ake asanakule. Pambuyo pake, dzinja litakhazikika, pamabwera duwa lina loyanga, lofiira ndi lachikasu, longa malawi a moto, limene nsonga za masamba ake zimakolekera pa udzu. Onse awiriwa ndi okongola zedi, koma zimene ali nazo pansi pa nthaka ndi zakupha. Makolo, aphunzitseni ana anu kuwazindikira, kuti pokumba mbewa kapena poweta ng'ombe asayese kulawa. Makolo athu ankati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tchimo nalo limabwera litavala bwino: ndalama yachinyengo, mowa wopitirira muyeso, mkazi wa mwini. Mwana amene sanauzidwe kunyumba adzaphunzira atadya kale.

Phunziro lachitatu ndi lolemera koposa, chifukwa likutiloza ife tomwe. Ambuye Yesu, pa mutu 6 wa Mthenga Wabwino wa Mateyo, anauza ophunzira ake kuti apenyetsetse maluwa akutchire ndi kuona m'mene Atate amawasamalira. Nanga ife tikuwasamala bwanji? Moto wotentha tchire m'Okutobala, udzu utauma gwa, umapha timitengo tanthete, pamene moto woyatsidwa msanga, udzu ukadali ndi chinyezi, umangodutsa pamwamba. Nkhwangwa za ootcha makala zapululutsa mbali zambiri za Perekezi, ndipo phiri likavulidwa, mitsinje yothira mu South Rukuru imauma msanga, amayi nkumatunga madzi kutali. M'madambo a ku Viphya ndi ku Nyika, kumene kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, anthu amakumba chinaka, ena kudya, ena kugulitsa mpaka ku Zambia. Chinaka ndi ndiwo yabwino, ndipo umphawi ndi woona. Eklezia sanyoza mayi wofunira ana ake chakudya. Koma wokumba akazula zonse osasiyako, chaka chamawa mwana wake adzapeza dambo lopanda kanthu. Kumeneko ndi kubera ana athu omwe, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri limatiletsa kuba.

Choncho, abale anga, tichitepo zinthu zitatu chaka chino. M'miphakati yanu mukambirane ndi mafumu za nthawi yoyenera kutentha tchire, ndi kulambula njira zotchinga moto. Banja lililonse libzale mitengo ya kwathu konkuno mvula ikakhazikika, ndi kuisamala kufikira itakula. Ndipo m'mwezi wa Korona, pamene mukuthyola maluwa okongoletsera guwa la Ambuye ndi chithunzi cha Amayi Maria, muthyole pang'ono, musazule muzu, ndipo mutenge ana kuti muwauze dzina la duwa lililonse m'chinenero cha makolo awo.

Mulungu Mwini mvula atipatse dzinja labwino, atikhululukire pamene taononga munda wake, ndi kutilimbitsa m'chiyembekezo. Amen.