Kodi Mwini Cholinga Ndani?

Mayi wina wadwala matenda opha ziwalo, ndipo dzanja lake lamanja lafooka. Madokotala apulumutsa moyo wake. Tsopano wafika kwa katswiri wothandiza odwala kuyambiranso ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Kodi woyenera kusankha chimene mayiyu alimbikire ndani?

Katswiri angathe kukondwera poona kuti mkono wayamba kukwera kufika paphewa. Koma chimene chikumudya mumtima mayiyo n'chakuti mpongozi wake ndiye akumusambitsa ndi kumuveka chitenje ngati khanda. Manyazi otere palibe chipangizo chowayezera.

Pofuna kuti mawu a wodwala azimveka, m'chaka cha 1991 akatswiri a ku Canada, motsogozedwa ndi Mary Law, adasindikiza njira yofunsira odwala. Wodwala amatchula yekha ntchito zomwe zikumukanika, napatsa iliyonse nambala kuyambira 1 mpaka 10 molingana ndi kufunika kwake, kenaka nasankhapo zosapitirira zisanu.

Komatu nkhani siithera pomwepo. Nanga mayiyo atati akufuna kusinja mumtondo monga kale, pamene katswiri akuona kuti dzanjalo silidzanyamulanso munsi? Kungomuvomera ndi kumunamiza, ndipo kumukaniza mwachindunji ndi kumutayitsa mtima. Ine ndiganiza kuti katswiri afunsitsebe chimene mayiyu akuchifuna mumtondomo. Mwina si ufa ayi, pakuti chigayo chilipo. Mwina akufuna kuti ana ake adyenso nsima yochokera m'manja mwake. Ngati zili choncho, ayambe kuphunzira kugwira mthiko ndi dzanja lamanzere, mphika utakhazikika bwino pamafuwa.