Wotsekera nsomba m'galasi wasenza udindo wa nyanja

M'nyanja zamchere za Indian ndi Pacific muli kanyama kofiira, ka mzere woyera pamsana, kachibale ka nkhanu, kotchedwa cleaner shrimp. Asayansi amakatchula Lysmata amboinensis. Nsomba zikuluzikulu zimakafikira n'kuyasamula, iko n'kumatola tizilombo ndi khungu lakufa m'kamwa ndi pathupi pawo. Oweta nsomba m'mathanki agalasi amakagula kuti kakhale sing'anga wa m'thankimo. Koma nsomba zikagwidwa ndi nthenda ya timadontho toyera, ambiri amathamangira mankhwala a kopa, chonsecho kopa amapha kanyamaka msangamsanga. Kamafanso mchere wa m'madzi ukasintha mwadzidzidzi, kapena kakagwidwa ndi nsomba katangofundula kumene, chigoba chisanalimbe. Odwala amachira, sing'anga n'kufa. Kodi cholengedwa chimayenera chisamaliro chifukwa cha ntchito imene chikutigwirira basi?

Munthu wa ku Mzuzu angotsetsereka ku Nkhata Bay kuti ayandikire nkhaniyi. M'miyala ya nyanja yathu muli mbuna ya mizere yachikasu ndi yakuda, Pseudotropheus crabro, imene imachotsa nsabwe pathupi pa kampango. Mbuna yomweyi imasintha mtundu, kuda bii, n'kukaba mazira a kampango yemweyo. Ena amati pamenepa ndi pamene pali yankho: m'chilengedwe mulibe chifundo, chilichonse chimafuna kukhuta, ndiye munthu adzivutitsirenji? Ine ndikukana. M'nyanja kampango akhoza kuithamangitsa, mbuna ikhoza kuthawira kuphanga lina, ndipo madzi amadzitsuka okha popanda wowauza. M'galasi mulibe kothawira. Kutentha kwa madzi, mpweya, chakudya, ngakhale woyandikana naye, zonse wasankha ndi munthu. Wachotsa nyanja n'kudziikapo yekha, choncho zimene nyanja inkachita zagwera iye. Mbuna sitingaizenge mlandu pakuti sidziwa chimene ikuchita. Munthu amadziwa.

Umboni wake ndi nthenda yotupa mimba imene oweta nsomba ku Ulaya ndi ku America amaitcha Malawi bloat. Mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala. Zikamapatsidwa chakudya chonona chochuluka, m'madzi akuda ndi mopanikizana, zimasiya kudya, kutupa, n'kufa. Nthendayi yatenga dzina la dziko lathu, koma kawirikawiri gwero lake ndi dzanja la woweta. Kuno ku Mzuzu vutoli ndi lapafupi: nyanja ndi yofunda chaka chonse, pamene usiku wa June ndi July kuno kumazizira kwambiri, ndipo magetsi akathima, chotenthetsera madzi ndi pampu ya mpweya zimaima limodzi.

Akhristu ena amaloza Genesis 1, pamene munthu akupatsidwa ulamuliro pa nsomba za m'nyanja. Awerengenso mutu wachiwiri, pamene munthu yemweyo akuikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ulamuliro wotere ndi ukapitawo, ndipo kapitawo amakayankha kwa mwini munda. Mutu woyamba womwewo umasonyezanso Mulungu akukondwera ndi zamoyo za m'madzi munthu asanalengedwe n'komwe, zisanagwirire wina aliyense ntchito.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti m'dziko la malungo ndi njala, kudandaula za kanyama ka m'galasi n'kusowa chochita, komanso kuti tonsefe timadya usipa ndi batala. Zoona, moyo wa mwana umaposa wa nsomba, ndipo kudya nsomba si tchimo. Koma msodzi amapha kuti ana adye, pamene woweta m'galasi palibe amene anamukakamiza. Anadzisankhira yekha kuti maso ake asangalale. Ndipo zoti tinyamati sitimva kupweteka zikutha mphamvu: mu 2022 dziko la United Kingdom linaika nkhanu ndi abale ake m'lamulo lozindikira nyama zimene zimamva ululu.

Kuweta sikolakwika, ndipo malonda a nsomba zokongola amabweretsa ndalama zakunja. Cholakwika ndi kugula chamoyo ngati chipangizo chimene chikatha ugula china. Amene sangakwanitse thanki yapadera yochiziramo nsomba zodwala, ndi njira yosungira madzi ofunda magetsi akathima, asagule. Azisiye m'nyanja.