Madzulo ndi a Yani?

Pakhomo pali zinthu za munthu mmodzi ndipo pali zinthu za onse. Malaya ndi a munthu mmodzi. Nsapato nazo ziri ndi mwini wake. Koma nkhokwe ndi ya banja lonse. Bambo sangatape cimanga m'nkhokwe, kukagulitsa ku msika wa pa Zóbuè, n'kubwerako akunena kuti, "N'canga, musandifunse." Ngakhale mwana amadziwa kuti bambo wotere walakwa.

Tsono tiyeni tifunsane, abale. Pali nthawi ija ya madzulo, pamene wina wacokera kumunda, wina kumgodi, wina kusukulu, ndipo tonse takumana pakhomo. Kodi nthawi imeneyi ikufanana ndi malaya kapena ikufanana ndi nkhokwe? Funsoli likutivuta lero cifukwa m'nyumba mwathu mwalowa alendo atatu: wailesi ya kanema, foni ya m'manja ndi intaneti. Makolo anati mlendo ndi mame, sakhalitsa. Koma awa abwera kudzakhala.

Alendowa ndi a dzulodzuloli. Akuluakulu akukumbukira wailesi ya Xirico, imene inali m'makomo ambiri m'zaka za m'ma 1980. Wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno mu 1981, ndipo poyamba inkaoneka ku Maputo kokha. Mafoni a m'manja anayamba ndi mCel mu 1997, Vodacom inabwera mu 2003, ndipo Movitel, imene inafika mu 2012, ndiyo inadzala nsanja zake mpaka kumidzi. Lero ku Moatize foni iri m'thumba la wogulitsa tomato ndi la woyendetsa makina a kumgodi. Pa Zóbuè ena ali ndi manambala awiri, ya kuno ndi ya ku Malawi, popeza malire ali pafupi ndipo abale ali mbali zonse ziwiri.

Tisafulumire kuwanyoza alendowa. M'nthawi ya nkhondo, imene inatha mu 1992, anthu a kuno ankathawira ku Malawi, pa Mwanza pompa, ndipo munthu ankatha zaka osadziwa ngati mbale wake ali moyo. Amene anaona zimenezo sangapeputse kacipangizo kamene kamamubweretsera mau a mwana wake wa ku Beira. Mabanja amene anasamutsidwa kupita ku Cateme mu 2009 ndi 2010, kuti kampani ya Vale ikumbe malasha, anasiyana ndi anansi awo akale, ndipo foni ndiyo imawauza za maliro ndi maukwati. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè n'kuononga mlatho wa pakati pa Moatize ndi mzinda wa Tete. Tsiku limenelo aliyense anathamangira foni kufunsa za abale a tsidya lina.

Ine wophunzitsa akulu ndiri ndi cifukwa canganso cothokozera foni. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 ali onse sankadziwa kuwerenga, ndipo mu 1978 boma linayamba nchito yaikulu yophunzitsa akulu m'dziko lonse. Masiku amenewo anthu ankacita kuitanidwa pa misonkhano. Lero amai ambiri amabwera okha. Ndikawafunsa cimene abwerera amati, "Aphunzitsi, ndifuna ndiziwerenga ndekha uthenga wa M-Pesa." Atopa ndi kupereka foni kwa mwana wa eni kuti awauze ndalama zimene zalowa.

Koma tiyeni tiyang'anitsitse m'mene alendowa amakhalira m'nyumba. Xirico inkafuna makutu okha. Inkalankhula anthu akutonola cimanga kapena kuswa mtedza, mai akuyamwitsa, ndipo nkhani ikatha ankatsutsana pa zimene amva. Kanema amafuna makutu ndi maso, komabe onse amayang'ana kumodzi ndipo amasekera pamodzi. Foni imafuna makutu, maso ndi manja, ndipo aliyense amayang'ana kwake. Anthu asanu angakhale pa mphasa imodzi, koma wina ali ku Brasil, wina ali ku mpira wa ku England, wina akukangana ndi munthu amene sanamuonepo. Matupi ali pakhomo, eni ake kulibe.

Kusiyana kwina n'kwakuti pulogalamu ya pa wailesi imatha. Zimene ziri pa Facebook, pa TikTok ndi pa YouTube sizitha. Kakanema kena kakatha, kena kayamba kokha usanakaitane. Zimenezi sizinangocitika mwangozi. Makampani amenewa amapeza ndalama zawo zambiri mwa kuonetsa malonda, ndipo munthu akakhalitsa pamenepo ndiye kuti aona malonda ambiri. Conco analemba nchito anthu ophunzira kwambiri kuti apeze njira zoti diso lisacoke. Ukaona kuti ukulephera kuika foni pansi, usadziyese citsiru. Ukulimbana ndi msampha umene anachera akatswiri.

Ndipo timalipira kawiri. Tengani kope muwerengere. Munthu wogula mamega a mametikali 10 tsiku liri lonse amaononga 300 pa mwezi wa masiku 30, ndipo pa caka ndi 3650. Ngati m'nyumba muli mafoni atatu otere, culukitsani katatu. Onjezani magetsi a Credelec amene amapita pamene kanema akulankhula yekha popanda womuyang'ana. Awa ndi malipiro aang'ono. Aakulu ndi nthawi, cifukwa ndalama ukhoza kuzipezanso mwezi wa mawa, koma mwana wa zaka zitatu sakhalanso wa zaka zitatu.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, ine ndatopa. Ndagwira nchito tsiku lonse m'fumbi la malasha. Foni ndinagula ndekha, mamega ndi ndalama zanga. Ndani angandiuze zocita ndi madzulo anga?" Mai nayenso anena kuti, "Ndatunga madzi, ndaphika, ndacapa. Novela ndiyo mpumulo wanga wokhawo." Mau awa ndi olemera ndipo sitingawataye. Kupuma ndi ufulu wa aliyense wogwira nchito, ndipo mai ameneyu mwina ndiye woyenera kupuma kuposa wina aliyense pakhomopo.

Koma nkhani yagona pa mau akuti "madzulo anga". Mwana wamng'ono amaphunzira kulankhula poyankhidwa. Akaloza nkhuku n'kunena kuti "khuku", pamafunika wina womuyankha kuti, "Eya, nkhuku, taona yathawa." Kanema salankhula ndi mwana, amangolankhula pamaso pake. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la OMS, linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema kapena pa foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwanayo alibe kwina kokatenga madzulo ake. Ali m'manja mwa makolo. Agogo nawo maso anafooka ndipo zala zawo sizinazolowere kutsetsereka pa galasi. Onse akaweramira mafoni, agogo amatsala okha m'nyumba yodzaza anthu. Ukatenga madzulo onse n'kuwathira m'foni, watenga gawo lako, watenganso la mwana ndi la agogo. Ndiye nkhokwe ija.

Ena amati amatha kucita ziwiri, diso pa foni, khutu kwa mwana. Mapanga awiri avumbwitsa. Mwana sacedwa kuzindikira "eee" wa munthu amene sakumva, ndipo akaona kangapo amaleka kufunsa.

Sindikunena kuti kale madzulo onse anali a nthano pa moto. Agogo athu omwe amatiuza kuti abambo ena ankacezera ku mowa, ndi kuti ana ena ankagona osalankhulidwa ndi munthu. Kusowa pakhomo kunalipo kalekale. Catsopano n'cakuti lero munthu akhoza kusowa ali pompo, popanda womuimba mlandu.

Kwa ife a sukulu ya akulu palinso cina. M'kalasi timakhala maola ocepa, ndipo zilembo zimene munthu waphunzira masana zimathawa ngati sazibwereza madzulo. Ine ndimadziwa tsiku limene novela yafika pokoma, cifukwa mawa lake makope amabwera oyera. WhatsApp nayo imatinyengerera. Umangodina n'kulankhula, mnzako namva, ndiye wina amati kuwerenga n'kwaciani. Koma uthenga wa ndalama umabwera wolembedwa. Cikalata ca munda, khadi la kucipatala la mwana, pangano la nchito, zonsezi n'zolembedwa. Wakuba amene amatumiza uthenga wonama wakuti "tumizani ndalama ija pa nambala iyi" amadalira anthu opupuluma ndi osawerenga bwino.

Tsono ticepetse motani? Pano tisamale, cifukwa kudziletsa ndi kuletsedwa ndi zinthu ziwiri. Pambuyo pa cisankho ca pa 9 Okutobala 2024, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa ndipo Facebook ndi WhatsApp zinatsekerezedwa. Sitinamve munthu akuthokoza kuti wapeza mpata woceza ndi ana. Anthu anakwiya ndipo amalonda anadandaula, popeza palibe amene anawafunsa. Pakhomo n'cimodzimodzi. Bambo amene amalanda foni ya mwana, iye n'kukhala pa mpira mpaka pakati pa usiku, sakuphunzitsa kudziletsa. Akuphunzitsa kuti wamphamvu amacita cimene wafuna. Ndipo mwamuna amene amaletsa mkazi wake kukhala ndi foni cifukwa ca nsanje asabisale m'phunziro lino. Iye akumulekanitsa mkaziyo ndi abale ake, ndipo zimenezo ndi nkhanza. Lamulo limene limanga ana ndi amai okha, wolipangayo n'kumayenda momasuka, likufanana ndi malamulo a atsamunda.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Banja likhale pansi masana, pamene palibe wokwiya, lipangane, ndipo woyamba kuika foni pansi akhale wamkulu. M'mabanja ena a ophunzira athu anayambira pa nthawi ya nsima: mafoni onse m'licero, licero pambali. Sazimitsa, cifukwa matenda ndi maliro sapangana ndi munthu. Foni ikalira amayankha, koma palibe woitenga isanalire. Za pa kanema amasankhiratu: nkhani za madzulo, novela imodzi, Loweruka mpira. Cimene anasankha cikatha amazimitsa, osadikira kuona cotsatira. Ena anaonjezapo kuti foni isamagone pa mphasa ndi mwini wake. Wogwira nchito ya usiku kumgodi madzulo ake ndi m'mawa, ndipo wogulitsa pa malire amaifuna foni yake mpaka magalimoto ataleka kudutsa. Conco pangano la nyumba ina silingakhale la inzake. Nyumba iri yonse ipangane mogwirizana ndi nchito zake.

Musanamizidwe, masiku oyamba amakhala owawa. Nyumba imangoti zii. Ana amanyinyirika, dzanja la bambo limangopita lokha m'thumba. Nthawi zina bata limeneli limaulula kuti mwamuna ndi mkazi analeka kalekale kukambirana, kanema ndiye ankabisa. N'zopweteka, koma bola kudziwa. Pambuyo pake mpata uja umayamba kudzaza. Mwana wa kalasi 4 amathandiza amai ake kuwerenga phunziro la mawa, ndipo amanyada kwambiri kukhala mphunzitsi wa omubala. Agogo akati "Padangokhala", pamapezeka woyankha kuti "Tiri tonse". Ana ena amafunsa agogo njira imene anadzera pothawa nkhondo, amene anawasunga ku Malawi, ndi maina a abale amene sanabwereko. Zimenezi pa intaneti palibe.

Pali mabanja ena amene bambo ali kutali, ku Nacala kapena ku Johannesburg, ndipo madzulo ndiyo nthawi yokhayo imene mau ake angamveke pakhomo. Kwa iwo foni siyenera kulowa m'licero. Iikidwe pakati pa mphasa, mau akwezedwe kuti onse amve. Ayambe agogo kupereka moni, kenaka amai, kenaka ana mmodzimmodzi. Wamng'ono amene sanayambe kulankhula bwino naye apatsidwe mpata wake, ndipo bambo adikire mpaka amalize.