Ndani Apanga Mtchona?

Palibe mudzi m'dayosizi mwathu muno umene sudziwa mawu akuti mtchona. Makolo athu adawaphunzira m'masiku a Wenela ndi Mthandizi, pamene anyamata ankapita ku migodi ya ku Johannesburg, kumene tonse timati ku Joni, ndi ku minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia, kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangete. Ambiri ankabwera ndi sutikesi ndi njinga, koma ena adangoti zii, osalemba ngakhale kalata imodzi. Boma lidaimitsa maulendo a Wenela m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a ku migodi a dziko lathu oposa 70. Koma mtima wofuna kupita kunja sudaime ayi. Lero ana athu ayang'ana kutali koposa: anamwino ndi osamalira nkhalamba apita ku Britain ndi ku Ireland, maiko a malipiro aakulu ndi a zinthu zodula.

Kodi kupita kumeneku ndi tchimo? Mpingo Woyera sutero. M'kalata yake ya Pacem in Terris, ya m'chaka cha 1963, Papa Yohane XXIII adaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wakusamukira ku dziko lina ngati pali chifukwa cholungama. Ndipo tikumbukira kuti Banja Loyera lomwe lidakhala pa chilendo ku Ejipito. Komabe Papa Yohane Paulo II, m'kalata ya Laborem Exercens ya m'chaka cha 1981, adatikumbutsa kuti dziko losiyidwalo limataya munthu amene akadalithandiza ndi manja ake ndi nzeru zake. Tsono ulendo wotere ufunika kuuganizira mofatsa, pamodzi ndi mnzako wa mu ukwati ndi ankhoswe, makamaka popeza m'mwezi wa Malichi 2024 boma la Britain lidaletsa alendo odzagwira ntchito yosamalira nkhalamba kubwera ndi akazi kapena amuna awo ndi ana. Walira mvula walira matope.

Matopewo ndi awa. Ife otsala, tikamva malipiro a pa mwezi a mbale wathu, tithamangira kuwawerengera m'makwacha, ndipo chiwerengerocho chidakula koposa pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 m'mwezi wa Novembala 2023. Pamenepo tinena kuti mwana wathu walemera. Koma iye sadya makwacha. Boma la kumeneko litenga msonkho wake ndalama isanafike m'manja. Lendi ya kachipinda kamodzi ku London idya gawo lalikulu la zotsalazo. Pambuyo pake pali msonkho wa khonsolo, basi ndi sitima, ndi moto wofunditsa nyumba m'miyezi yozizira, pamene dzuwa lilowa 4 koloko masana. Kulibe dimba lothyolako ndiwo, kulibe nkhuni zotola, kulibe azakhali olera mwana. Chilichonse chimene kuno tipatsana mwa chibale, kumeneko n'chogula. Onjezanipo ngongole ya tikiti ya ndege ndi ya viza. Chotsala pa kutha kwa mwezi nthawi zambiri chichepa kopambana m'mene tiganizira.

Apa ndipo pabadwa machimo awiri, ndipo lililonse lidyetsa linzake. Loyamba ndi kunyada kwa wopitayo. Achita manyazi kuulula kuti agona m'chipinda chopanikiza ndi kuti agwira ntchito usiku wonse. M'malo mwake atumiza zithunzi pa Facebook atavala jekete lokongola, ndipo akongola ndalama kuti atumize kwawo, anthu angamseke. Lachiwiri ndi umbombo wa otsala. Foni yake ilira pa zifukwa za fizi, feteleza, malata ndi maliro, koma palibe womfunsa ngati ali moyo bwino, kapena ngati adapeza tchalitchi chomverako Misa. Bodza lake likulitsa zopempha zathu, ndipo zopempha zathu zikulitsa bodza lake, kufikira tsiku limene sangathenso kupereka kapena kufotokoza. Tsiku limenelo aleka kuyankha foni, ndipo ife timtcha mtchona.

Wina adzati: Nanga kulibe amene aiwala kwawo chifukwa cha kuipa mtima, nakwatira kwina, nasiya ana ali ndi njala? Alipo ndithu, ndipo adzayankha pamaso pa Mulungu, pakuti nyanja simasula ukwati. Koma tisanamweruze munthu, tiyambe tadzifunsa ngati sitidamthandize kutayika, pomuyesa nkhokwe yongotapamo.

Kwa inu muli kunja, kapena mukonzekera ulendo, tinena ichi: lamulo lachinayi, la kulemekeza atate ndi amayi, likutsatani kulikonse, koma lifuna kwa inu chokhacho chimene mungathe. Lamulo lachisanu ndi chitatu nalonso likutsatani, ndipo lifuna choona. Uzani abale anu malipiro anu pamodzi ndi lendi yanu. Panganani nawo ndalama imene mungaikwanitse, ingachepe bwanji, ndipo muisunge mokhulupirika. Kale Wenela inkasunga gawo la malipiro a munthu kuti akalandirire kuno kwawo. Lero ntchito imeneyo yatsalira chikumbumtima chanu. Mwezi umene mulibe kanthu, imbanibe foni, pakuti mayi wanu afuna mawu anu koposa mapaundi anu. Funaninso parishi ya komweko, kuti musakhale nokha ndi kutaya masakramenti.

Kwa ife otsala mawu ndi awa: ndalama imene mbale watumiza kuti timmangire nyumba, ife n'kuidya, ndi kuba kwenikweni, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri lifuna kuti tiibweze. Tisampemphe chimene manja athu angathe kupeza. Yakobe adatumikira Labani zaka 20, malipiro ake ndi kumasinthidwasinthidwa. Mlendo sakhala ndi mphamvu pa ntchito ya eni. Ndipo wina akabwera manja ali zii, timlandire monga atate aja a m'fanizo la Ambuye, amene adathamangira mwana wawo osayamba amfunsa za chuma. Ambiri akadabwera kale akadadziwa kuti pakhomo sadzasekedwa.

Sabata lino, yense amene ali ndi mbale kunja amuimbire foni kapena amlembere kalata yopanda pempho lililonse. Yosefe Woyera, amene adadyetsa Yesu ndi Maria ndi thukuta lake m'dziko la eni, asunge ana athu onse a pa chilendo.