Ufunse njira imene mankhwala adzera

Naphiri mdzukulu wanga, sendera kuno kumbaula, Juni wa ku Dedza sachezera pabwalo. Amako andiuza kuti maphunziro a zamankhwala aja wamaliza, ndipo ukufuna kutsegula kasitolo ka mankhwala ku Lobi. Ndakondwa kwambiri. Ntchito imeneyi ine yandimeretsa imvi, choncho tchera khutu.

Piritsi limene mayi adzagule pawindo pako layenda ulendo umene iwe ndi ine sitinayendepo. Mankhwala athu ambiri amapangidwa ku India ndi ku China. Amabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira kapena ku Dar es Salaam, kenako n'kukwera mathiraki onga amene umawaona atandanda paboda yathu ija. Chimandiwawa n'chakuti katundu amatha kutidutsa pakhomo pomwe, n'kukatsitsidwa kumaholoselo a ku Lilongwe, ife n'kumulondola komweko ndi thiransipoti yathu. Alipo ochepa opangidwa konkuno, monga a Pharmanova ku Blantyre ndi a SADM ku Lilongwe, koma nawonso zopangira zake amagula kunja ndi madola. N'chifukwa chake kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa panado unakwera ngakhale muokala ya kumudzi, kwa munthu amene dola sanaligwirepo.

Ukaoda, katoni yako ikwera minibasi mpaka pa Linthipe, uipezere ina ya ku Lobi, mwina ithera pa kabaza. Paliponse pamenepo ukulipira, ndipo ndalamayo ikathera pamutu pa mlimi wa kachewere amene akudikira kukumba kuti aone khobidi. Apa m'pamene mayesero amalowera.

Adzabwera munthu chakumadzulo, chikwama kumsana, ulemu wake wosaneneka. Adzakuonetsa LA wa malungo ndi amoxicillin pa theka la mtengo wa kuholoselo, wopanda lisiti. Ine ndinagwa m'mbuna imeneyi kamodzi. Nditafika ndi mankhwalawo pounika, ndinaona kuti pakona pa kabokosi kalikonse panali popalidwa ndi lezala, pamene panali chizindikiro cha boma, ndipo tsiku lothera mphamvu linali litafufutidwa ndi sipiriti. Mmawa mwake kunabwera mayi atabereka mwana wotentha thupi ngati moto, akuti kuchipatala amuuza kuti mankhwala atha, akagule. Ndinayang'ana pashelefu, manja anga ananjenjemera. Mwina amenewo anali mankhwala omwewo amene mwanayo akanalandira mwaulere. Sindinamugulitse. Ndinalipira njinga kuti imutengere kuchipatala cha mishoni, ndipo mpaka lero nkhope ya mayi uja ndimaikumbukira.

Dziwa kuti njira zilipo ziwiri, ndipo siziyenera kukumana. Mankhwala a zipatala za boma amadzera ku Central Medical Stores Trust ndi kwa abwenzi othandiza dziko lino, ndipo si ogulitsa. Ako adzere kuholoselo yokhala ndi chiphaso cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa bodi yakale yoyang'anira za mankhwala. Nawenso ukatenge chiphaso chako, uchipachike poonekera, ndipo usasunge mankhwala amene chiphasocho sichikulola. Lisiti lililonse ulisunge, nambala ya pakatoni uilembe m'kope. Tsiku limene adzalengeze pa wailesi kuti mankhwala akutiakuti achotsedwe pamsika, kope limenelo ndilo lidzakuuze ngati uli nawo. Wachikwama sadzapezekanso kuti umufunse. Safunsa anadya phula, koma pantchito yathuyi phulalo amadya ndi mwana wa eni.

Chinanso chidzakuvuta n'chifundo chako chomwe. Bambo adzabwera ndi ndalama yokwana makapusozi awiri, n'kunena kuti, “Mwana wanga, ndipatseko awiri okha ndiyambe ndagona.” Mtima udzafuna kumupatsa. Koma makapusozi awiri sachiza, amangozoloweretsa tizirombo. Ife tinaona ndi maso athu chloroquine akutha mphamvu mpaka boma linamusiya mu 1993 n'kutenga Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, LA n'kubwera mu 2007. Umufotokozere mofatsa, umutumize akayezedwe kaye. Ngati pepala la adokotala ali nalo ndipo ndi wapamudzi pomwepo, mupatse onse, umulembe ngongole adzabweza akakolola. Ine ndinatayapo ndalama munjira imeneyi, koma sindidandaula.

Kasungidwe usakapeputse. Kuzizira kwathu kuno kumatithandiza, sitili ngati anzathu a kutsidya kwa Khwekhwelere, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, kumene sirapu amafunda m'nyumba ya malata. Mdani wathu ndi chinyezi. Katoni isagone pasimenti kapena kutsamira khoma, uiike pamatabwa. Nthawi ya dzinja uikulunge m'pulasitiki isanakwere njinga, ndipo amene atsala pang'ono kutha mphamvu akhale kutsogolo kwa shelefu.

Lolemba ndikuperekeza ku Lilongwe. Tikwere yoyambirira, utenge kope latsopano ndi mapepala ako a kusukulu. Tikayambira kuofesi ya chiphaso, kenako ndikakuonetsa kumene ndinkaoda. Sonkhezera makalawo, moto ukuzima.