Mulungu Anatidyetsa ndi Dakota

Ndikuyamika Mulungu chifukwa cha banja lathu, ndipo umboni wanga ndi wa ndege. Ena adabwa kuti ndege zikulowa bwanji mu umboni. Kwathu zimalowa, chifukwa pakanapanda ndege ina yakale yotchedwa Dakota, agogo anga aamuna akanatsala m'nkhalango za ku Burma, bambo sakanabadwa, ndipo inenso simukanandimva.

Agogo analembedwa usilikali wa King's African Rifles, uja akuluakulu ankati Keyala, ali mnyamata wa ku Chiradzulu wosaidziwa nyanja ya mchere. Anaphunzira mfuti ku Zomba, anawoloka pa sitima mpaka ku Ceylon, ndipo mu 1944 gulu lawo, 11th East African Division, linatumidwa kulondola asilikali a Japan amene ankabwerera atagonja ku Imphal ndi ku Kohima. Njira yawo inali chigwa cha Kabaw. Analowamo mu Ogasiti, mvula ya kumeneko itafika pachimake, yogwa usana ndi usiku. Misewu inasanduka matope, milatho inakokoloka, magalimoto anatitimira. Malungo ndi matenda ena a m'tchiremo ankagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Agogo ankati nsapato zinkawolera kumapazi, ndipo munthu ukagona sunkadziwa ngati wanyowa ndi mvula kapena ndi thukuta la malungo.

Kumbuyo kunalibe njira yoti chakudya chidzere. Chinkadzera kumwamba. Asilikali ankalambula kabwalo m'nkhalango, n'kuyala nsalu pansi kapena kufukiza utsi, kenako n'kutchera khutu. Dakota inkatulukira pakati pa mitambo ndi mapiri, ikuuluka chapansi, chitseko chake chachikulu cha kumanzere chili chotsegula, ndipo anyamata a m'katimo ankakankha katundu ndi manja ndi miyendo. Zipolopolo ndi mankhwala zinkatsika ndi parachuti, zina zosokedwa ndi ziguduli chifukwa nsalu yeniyeni inkasowa. Mpunga ndi ufa ankangoziponya m'matumba ovekana awiri kuti lam'kati likaphulika lakunja ligwire. Thumba lotere likakupeza pamutu, imfa ndi yomweyo, choncho ankabisala kuseri kwa mitengo mpaka ndege itamaliza kuzungulira. Mitambo ikatseka, ankaimva ikulira pamwamba, ikufunafuna, n'kubwerera osaponya kanthu. Tsiku limenelo ankagawana zotsala ndi kupemphera.

Agogo sanapite patali ndi sukulu, koma Eksodo 16 ankamudziwa bwino. Ankati iwo nkhani ya mana sanaimve kwa abusa okha, anaidya ndi pakamwa pawo. Anadwala malungo mpaka kuyamba kubwebweta, anzawo n'kuwanyamula pa machira, ndipo mankhwala amene anawadzutsa anagwa kuchokera m'ndege yomweyo. Kumayambiriro kwa Disembala 1944 anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, ali ndi moyo. Anzawo ambiri sanafikeko. Mpaka imfa yawo agogo sanalole kuti wina anene kuti iwo anapulumuka chifukwa cha mphamvu kapena ukatswiri. Ankangoti, "Ndinali wosiyana chiyani ndi amene tinawakwirira? Chinali chisomo basi."

Bambo anakula akumva nkhani zimenezi, ndipo pamene asilikali a Malawi anakhazikitsa nthambi ya ndege mu 1976 mothandizidwa ndi dziko la Germany, mtima wawo unali utapita kale kumeneko. Sanali oyendetsa ndege. Anali makaniko, munthu wa ovolosi ndi sipanala, wofika kunyumba akununkha mafuta. Ndege zoyamba zimene anagwira zinali za Dornier. Do 27 inali ya injini imodzi, yotera ndi kunyamuka pa kabwalo kakafupi. Koma imene ankaikonda inali Do 28 Skyservant, ndege yosaoneka bwino kwenikweni, thupi lake la makona anayi, injini zake ziwiri zitakhala pansi chakutsogolo pa timapiko tatifupi m'malo mokhala pa mapiko aakulu. Ankaikondera zomwezo, poti makaniko ankafikira injini mosavutika n'kuona chilichonse ndi maso ake. Cha m'ma 1986 kunayamba kubwera Do 228, yaliwiro ndi yonyamula anthu ambiri, ndipo bambo anayenera kuphunziranso mwatsopano ali munthu wamkulu.

Ntchito ya makaniko wa ndege ili ndi katundu amene anthu samuona. Ukamaliza kuyendera ndege umasaina m'buku, kutanthauza kuti wavomereza anthu akwere. Galimoto ikavuta imaima pambali pa msewu, koma ndege ilibe poima. Bambo sankachoka m'nyumba osagwada, ndipo pemphero lawo la m'mawa linali lalifupi: ankapempha maso oona ndi mtima wosafulumira. M'zaka zimene asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala, kuyambira mu 1987, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ntchito inachuluka kwambiri. Ankaitanidwa usiku, ankagona kuntchito, ndipo amayi ankatisonkhanitsa pa mphasa kupempherera abambo ndi anthu onse okwera ndege zimene iwo asainira.

Tsiku lina m'bandakucha anayendera ndege yonse, zonse zili bwino, cholembera chili kale m'manja. Koma mtima unakana. Ankati sanamve mawu alionse, kungoti dzanja linalemera. Anatenganso tochi, n'kutsegulanso chivundikiro cha injini, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono pa paipi ya mafuta. Kuseri kwake, malo amene diso silifika, chala chinanyowa. Chitsulo chinali chitatopa ndi kunjenjemera, ndipo panali kamng'alu kakang'ono kwambiri, pafupi ndi malo otentha. Ndegeyo sinanyamuke tsiku limenelo. Amene ankayenera kukwera anadandaula kuti achedwa, n'kupita kwawo osadziwa chimene chawadutsa. Madzulo bambo anafika kunyumba, sanadye nsima, anangotiitana tonse kuti tigwade. Ndinali ndisanawaonepo akulira. Anzawo ena ankati ndi luso la munthu wozolowera ntchito. Luso analidi nalo, koma ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mzimu wa Mulungu ndiye anagwira dzanja lija.

Mu 1990 kunabwera ndege ziwiri za mtundu wa Dakota kuchokera ku America, zitaikidwa injini zatsopano. Ndege ya mtundu umenewu inauluka koyamba mu Disembala 1935, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapanga zoposa 10,000, koma zina zinali zikugwirabe ntchito patatha zaka zonsezo. Bambo anapempha chilolezo kuti agogo akaone imodzi mwa ndege ziwirizo, ndipo anatitenga. Agogo anavala jekete ndi mamendulo awo. Ataiona itakhala chotukula mphuno, mchira uli pansi pa katayala kake kakang'ono, anavula chipewa. Injini zitalizidwa anapukusa mutu.

"Mwananga, iyi si imeneyo. Yathu ija inkayamba yatsokomola, n'kutulutsa utsi, kenako n'kumalira ngati chigayo. Iyi ikungoimba mluzu."

"Injini ndiye asintha, bambo," anayankha bambo anga, "koma thupi ndi lomwe lija. Tabwerani muone chitseko."

Anawatengera kumanzere kwa ndege. Agogo anaika dzanja pa chitseko chachikulu chija n'kukhala kaye chete. Kenako anapemphera mokweza, pamaso pa asilikali onse amene analipo. Anathokoza Mulungu chifukwa cha oyendetsa ndege a ku Britain ndi ku America amene ankalowa m'mitambo ya ku Burma, chifukwa cha anyamata okankha matumba amene sanawaonepo nkhope, ndiponso chifukwa cha amakaniko amene ankakonza injini m'matope kuti ndege idzuke m'mawa. Pomaliza anati, "Ndipo mwanga m'nyumba mwatulutsamo mmodzi wa iwo. Ndani ine, Ambuye?" Kufikira tsiku limenelo bambo ankadziona ochepa chifukwa sanakhale oyendetsa ndege. Kuyambira pamenepo sindinawamvenso akudandaula za ovolosi yawo.

Bambo anapuma ntchito ali ndi thanzi, manja awo ali athunthu, ndipo malipiro a ntchito imeneyo ndiwo anatiphunzitsa tonse. Izi ndikuyamika. Koma sindingachitire umboni ngati kuti ndege zonse zimafika. Pa 10 Juni 2024 Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, sinathe kutera chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 anamwalira. Bambo, okalamba tsopano, anachezera usiku wonse pa wailesi, ndipo uthenga utatsimikizika tsiku lotsatira anadzitsekera kuchipinda. Inali ndege ya mtundu umene anaugwira ndi manja awo zaka zambiri. Atatuluka ananena mawu a agogo aja, akuti ife sitinali olungama kuposa mabanja amene akulira. Chimene Mulungu anatisungira sitinachigule, ndipo amene analuza okondedwa awo sanatayidwe ndi Iye.

Kuyambira sabata imeneyo, pa mapemphero a banja Lamulungu madzulo, bambo amatchula amasiye a ngozi ija, oyendetsa ndege za asilikali athu, ndi anyamata ndi atsikana amene akugwira sipanala pa mabwalo a ndege lero. Ndikupempha inunso, abale ndi alongo mwa Ambuye, muziwapempherera, makamaka amene amadzuka kusanache kukasaina m'buku lija.